Doña Herta ndi Malamba a Ana Aakazi

Lachisanu la Doña Herta Nussbaum linkayambira m'khola. Akame ng'ombe, asefe mkaka, akweze zigubu pa ngolo ya amuna awo, atsuke ndowa ndi madzi otentha. Akatero akande ufa wa buledi wa Sabata n'kuufunditsa kuti ufufume, asosole nkhuku yochokera kwa wopha nyama, aithire mchere kuti magazi achoke, akolope m'nyumba, apukute zoikapo makandulo, asite malaya oyera a Don Arno, asambitse ana n'kuwapesa. Dzuwa likapendeka ankavula epuloni, kupana kamtolo ka nsalu m'khwapa n'kuyenda wapansi kukakasiya ku sunagoge, m'chipinda cha amayi, poti pa Sabata sitinyamula kanthu panjira. Pobwerako ndiye ayatse makandulo. Amene tili ndi ana aang'ono tikudziwa kuti ntchito zimenezi sizikwana m'tsiku limodzi. Iwo ankazikwanitsa, ndipo kamtoloko sikankatsala.

Tinawaika m'manda mwezi wathawu, kuzizira kuli pachimake. Amayi a gulu la Lachitatu tinagwirizana kuti mbiri yawo ilembedwe m'nyuzi ya mpingo wathu momwe inalili, osaithira shuga, chifukwa eni akewo ngakhale yerba, tiyi wa kuno uja, ankamwa yowawa.

Anafika kuno ku Palmar Chico ali kamtsikana, atatsika sitima ya pamadzi pamodzi ndi makolo awo, nthawi imene Ayuda ankathawa ku Germany. Bambo awo, amene kwawo ankagulitsa nsapato, anapatsidwa munda, ng'ombe, ndi hatchi yoti sankadziwa n'kuimanga komwe pa ngolo. Sanakhalitse. Chaka cha dzombe anadwala chifuwa n'kutisiya, ndipo Herta anasiya sukulu kuti azikama. Za sukuluyo sitinawamvepo akudandaula. Ankangoti, "Ng'ombe sizinandifunsepo kuti ndinalekeza kalasi yanji."

Mayi awo ndiwo ankapeta malamba omangira mpukutu wa Chilamulo, mwambo umene makolo athu anabwera nawo m'masutikesi. Mwana wamwamuna akachita mdulidwe, nsalu imene anagonekedwapo imachapidwa, kudulidwa mizeremizere, n'kulumikizidwa kukhala lamba wautali. Pa lambayo amapetapo dzina la mwana, dzina la bambo ake, ndi mawu omudalitsa. Mwanayo akasiya thewera, bambo ake amamunyamula pa Sabata kupita naye kutsogolo, dzina lake limaitanidwa, ndipo timanja take timathandiza kukulunga lambayo pa mpukutu wa Chilamulo. Kenako lamba amasungidwa m'kabati ya sunagoge, kudikira nthawi ina. Munthu asamuke, afe kumene, dzina lake limatsala likukumbatira mpukutu.

Maso a mayi awo atayamba kuchita chifunga, singano inagwera Herta. Mphunzitsi wa anyamata ankawalembera zilembo za Chihebri ndi pensulo pa nsalupo, iwo n'kumatsatira ndi ulusi. Chimene zilembozo zinkanena sankachidziwa. Panalibe amene anaganiza zoti mtsikana angafune kudziwa.

Anakwatiwa ndi Don Arno, mlimi wa ng'ombe wofatsa, woti ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Mulungu anawapatsa ana atatu, onse aakazi: Noemí, Susana ndi Ruti. Mwana aliyense akabadwa, mlamu wawo Doña Elsa ankabwera ndi msuzi wa nkhuku ndi mawu omwewo: "Pepani mlamu, mwina ulendo wina. Inu mungopetera anzanu basi." Herta ankamwa msuziwo, kuthokoza, n'kubweza mbale yotsuka. Koma nsalu imene Noemí anakulungidwamo tsiku lobadwa anaichapa, naisita, naidula mizere. Zilembo anatengera pa malamba ena, za dzinalo n'kukapempha kwa mphunzitsi uja ngati zachibwana.

Noemí atasiya thewera, Sabata lina kuwerenga kwa Chilamulo kutangotha, chitseko chochokera ku chipinda cha amayi chinatseguka. Herta anaima pakhomopo, dzanja lina lili ndi mwana, lina lili ndi lamba. Don Leopoldo Stern, amene tonse tinkawatcha Don Poldi, ndiwo ankayendetsa mapemphero. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Doña Herta, mwasochera. Malo a amayi ndi kuseriko."

"Kuseriko ndikukudziwa, Don Poldi, ndimakolopako ndine. Ndabwera ndi lamba."

"Wa yani? Kwabadwa mnyamata ine osamva?"

"Wa Noemí, mwana wa Arno."

Amuna anayamba kuseka chapansipansi. Wina kumbuyo anati, "Arno, bwanji sunatiitane ku mdulidwe? Wachita umbombo ndi vinyo?"

"Mayi," anatero Don Poldi, "makolo athu sanachitepo zimenezi. Komanso mukupeta zinthu zoti simutha n'kuziwerenga komwe. Bwererani mukakhale pansi."

Herta sanabwerere. Anaima pomwepo mpaka mpukutu unamangidwa ndi lamba wa mwana wa eni, kuvekedwa, n'kutsekeredwa. Apo m'pamene anapinda wawo uja, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Kunyumba Don Arno analankhula, chinthu chosowa. "Mwandivula pagulu, Herta."

"Ndakuvulani ndine, kapena amene amaseka mwana wanu aja?"

"Anthu atinena."

"Atinene. Mkaka adzagulabe kuno, kwina kulibe."

Don Arno anatenga chikho chawo cha yerba n'kukakhala kukhola.

Kusekedwa sikunawapweteke kwambiri. Chinawalasa ndi mawu aja oti satha kuwerenga, chifukwa anali oona. Sabata yotsatira anapita kwa Doña Fani Gutman, mayi wamasiye wosuta ndudu, amene bambo ake anamuphunzitsa Chihebri kwawo kuja poti analibe mwana wamwamuna woti amuphunzitse.

"Asisi, ndiphunzitseni zilembo."

"Pa msinkhu umenewu? Ukufuna ukhale rabi?"

"Ndikufuna ndidziwe chimene zala zanga zakhala zikunena."

"Chabwino. Koma uzibwera ndi keke ya maapozi. Chihebri sichilowa m'mimba yopanda kanthu."

Gulu la Lachitatu linayamba motero, m'khitchini mwa Herta, pakati pa kukama kwa m'mawa ndi kwa madzulo. Poyamba anali amayi atatu ndi buku limodzi la ana lothothoka chikuto. Kenako ena anayamba kubwera, wina atanamizira kukabwereka sefa, wina ali ndi mwana kubere. Amuna analipatsa dzina loti sukulu ya nkhuku. Amayiwo anamva, naseka, napitiriza. Anayamba ndi zilembo, nafika pa masalimo, kenako gawo la Chilamulo la sabata iliyonse, akukangana mpaka mkaka kusefukira pamoto.

Tsiku limene Herta anawerenga okha dalitso la pa lamba, anatsatira ndi chala mawu amodziamodzi: akule m'Chilamulo, adzalowe m'banja, azichita ntchito zabwino. Anakweza mutu.

"Ndi zomwezi basi? Nanga apa pali chiyani choti mwana wamkazi sangachite? Banjalo mnyamata amalowa ndi mtengo?"

Doña Fani anaseka mpaka kutsamwa ndi utsi.

Nyengo ina ya zikondwerero kunabwera rabi wachinyamata wochokera ku Buenos Aires. Amayi anamufunsa za malamba a ana aakazi, iye anayankha kuti lamulo loletsa palibe, koma mwambo wa pamalo amaudziwa ndi eni malo. Atatero anakwera basi n'kumapita. Don Poldi anakumana ndi Herta pa sitolo.

"Mwamva nokha, mayi. Mwambo."

"Mwambowo manja ake ndi awa," anatero Herta akuwaonetsa zala zobooka ndi singano. "Tsiku limene adzagwidwe ndi nyamakazi, mwambo wanuwo uthera pomwepo."

Sanasiye kupetera ana aamuna. Lamba wa mnyamata aliyense ankatuluka wokongola ngati kale. Koma kuyambira pamenepo, mayi aliyense wobweretsa nsalu ya mwana wamkazi ankamupeteranso. Ena ankabweretsa poyera, ambiri mobisa, itakulungidwa pansi pa mazira m'dengu. Mwanayo akasiya thewera, Herta ankaima naye pakhomo paja, lamba ali m'manja. Don Poldi ankapukusa mutu. Herta ankadikira mpukutu utsekeredwe, kupinda lamba, n'kukamuika m'dengu lalikulu m'chipinda cha amayi. Susana anaima pakhomopo, Ruti anaimapo, ana a anthu ena anaimapo. Zaka zinadutsa, tsitsi la Herta linachita imvi, dengu linadzaza.

Herta sankakweza mawu, ndipo mapemphero sankajomba. Mayi akamwalira m'mudzi muno, osambitsa mtembo anali iwo. Pakhomo pakagwa maliro, mphika woyamba kufika unali wawo. Akazi a Don Poldi atadwala matenda aja owagoneka chaka chathunthu, amene ankawatembenuza ndi kuwasintha zofunda anali Herta yemweyo. Wina atawafunsa ngati saopa kulimbana ndi zinthu za Mulungu, anati, "Ndi Mulungu sindikangana naye ine. Ndikukangana ndi Poldi."

Koma zinawawawa. Don Arno anasiya kuitanidwa kutsogolo, ankangokhala pa benchi yawo ngati mlendo. Doña Elsa ankati akawaona pamsewu n'kuwolokera tsidya lina. Mabanja ena anayamba kutumiza nsalu zawo m'tauni kuti zikapetedwe pa makina. Herta ankaziona zonsezi, n'kupita kukakama.

Kenako kunabwera chaka cha madzi osefukira. Mtsinje unalowa m'mudzi mpaka m'sunagoge. Amuna anapulumutsa mpukutu atausenza pamapewa, koma kabati ya malamba inali pansi. Madzi ataphwa anapeza zonse zitachita nkhungu, zikuthothoka ukazigwira. Anakazikwirira kumanda monga tichitira ndi mabuku opatulika akatha. Tsiku limenelo Herta analira, chifukwa munali ntchito ya mayi awo ndi yawo yomwe. Panatsala lamba mmodzi yekha, wakale, amene anali pa mpukutu. Nthawi imeneyo n'kuti achinyamata ambiri atasamukira m'tauni ndi ku Israeli, mwana wamwamuna asanabadwe kwa zaka zingapo. Amuna otsala ankangokwana khumi ndendende, chiwerengero chimene popanda icho Chilamulo sichiwerengedwa pagulu.

Don Poldi anabwera okha kunyumba kwa Herta, chipewa chili m'manja. "Tipetereni wina wopanda dzina, wongomangira."

"Malamba alipo, odzaza dengu, ouma bwinobwino poti dengulo linali pamwamba. Kasankheni."

"Ndiitanitsa m'tauni."

"Itanitsani."

Wa m'tauniyo asanafike, linakwana Sabata la lamba wa Tamara, mwana wa Rubén ndi Graciela Adler. Herta anaima pakhomo paja monga mwa nthawi zonse, kamwanako katagwira siketi yawo. Kuwerenga kutatha, pamafunika mwamuna woti akweze mpukutu m'mwamba, kenako akhale pa mpando ataugwira chiimire mpaka umangidwe. Misana ya ena onse inali itatha, choncho Don Poldi anali atayambanso kuitana Don Arno, osati mwa chikondi. Don Arno anakweza, nakhala pansi. Don Poldi anatenga lamba wakale uja, nazunguliza kamodzi, nakoka. Lamba anaduka ngati pepala lonyowa. Anayesa chidutswa chotsala, nacho chinathothokera m'manja.

Pa Sabata sitisoka ndipo sitimanga mfundo. Mpukutu wathu ndi wolemera, ukakhala wosamanga umaterereka, ndipo ukagwa pansi onse ouona amayenera kusala kudya, manyazi ake n'kutsala pa mpingo mpaka kalekale. Mkulu wina anayamba kumasula lamba wa buluku lake. Don Poldi anamuyang'ana mpaka anamanganso.

Kenako anayenda kupita pakhomo la amayi, natambasula dzanja akuyang'ana kumbali. "Bweretsani."

"Chiyani?"

"Doña Herta, ino si nthawi yamasewera. Nsaluyo."

"Si chingwe chomangira thumba ichi, Don Poldi. Lamba ali ndi mwini wake, ndi uyu wandigwira siketiyu. Bambo ake amunyamule, inu muitane dzina, monga muchitira ndi anyamata."

"Mpukutu ukagwa, tchimo likhala pamutu panu."

Mpukutu umenewo Herta ankaukonda kuposa chilichonse m'mudzi muno. Ankauonera pa kazenera kuyambira ali mwana, osaukhudzapo n'kamodzi komwe. Anayang'ana amuna awo, naona thukuta likutsika m'khosi, mitsempha ya m'manja itatupa. Dzanja la Herta, logwira lamba lija, linayamba kutambasuka lokha.

Apo Don Arno analankhula, mawu awo oyamba m'nyumba imeneyo pa zaka zonsezo. "Usafulumire, Poldi. Ine ndanyamula zigubu za mkaka moyo wanga wonse. Ndikhoza kukhala chonchi mpaka nyenyezi zituluke. Koma iweyo ndi matenda ako a shugawo, nkhomaliro udya nthawi yanji?"

Herta anabweza dzanja lija.

Don Berl Hirsch ndi mng'ono wake anaimirira. "Mtsikana akaponda kutsogolo kuno, ife tituluka, ndipo sitidzapondamonso." Aliyense ankadziwa kuwerenga. Awiriwo akachoka, khumi sakwananso.

Don Poldi anaima pakati, akuyang'ana abale awiriwo, akuyang'ana mpukutu umene unali utayamba kupendekera kumanzere. Pa kazenera ka amayi panatulukira nkhope ya Doña Fani, atakalamba zedi, mano atatha. "Poldi, ndinalipo tsiku limene unabadwa. Amene anakubereka sanali mwamuna."

Don Poldi anang'ung'udza chinachake.

"Kuno sitinamve," anatero Herta.

"Tamara, mwana wa Rubén, abwere."

Rubén anadzuka, nanyamula mwana wake. Kamwanako sikankadziwa kanthu. Kankafuna timabelu ta siliva ta pamwamba pa mpukutu, ndipo nsonga ya lamba kanayamba kaiika m'kamwa. Bambo ake anakagwira timanja, nazunguliza nako mpaka kumapeto, napisa nsonga. Mpukutu unaima nji. Abale a Hirsch anapinda nsalu zawo za pemphero n'kutuluka, ndipo mapemphero a tsiku limenelo anathera pomwepo, poti amuna anatsala asanu ndi atatu. Herta anabwerera pamalo pawo, natsegula buku, nawerenga masalimo mpaka kumaliza. Kunyumba sanadye. Anadzatiuza patapita zaka kuti, "Ukanagwa, ndikanasala ndekha m'malo mwa nonse. Koma sindikanapepesa."

Dengu lija linayamba kutsika pang'onopang'ono. Pa zikondwerero, alendo a m'tauni akabwera n'kukwanitsa khumi, eni malamba ankaitanidwa mmodzimmodzi, ena ali ndi ana awo kale, ena imvi zitayamba. Don Poldi ankaitana mayinawo momveka, chifukwa anali munthu woti akachita chinthu amachichita bwino. Koma moni kwa Herta sanaperekenso.

Don Arno atamwalira, Herta anagulitsa ng'ombe n'kutsala ndi nkhuku. Maso awo anatsata a mayi awo. Atasiya kuona ulusi anayamba kuphunzitsa ife, akuyendetsa chala pa ntchito yathu. Akapeza posokonekera ankangoti, "Phwasula. Dzina la munthu ili, si chigamba." Ambiri a ife tinafika m'gulu la Lachitatu tili ndi makanda, tikuchita manyazi kuti tisokoneza. Iwo ankati, "Bwera naye. Amene sanamvepo mwana akulira atuluke ndi iyeyo." Kwa amene tinasiyira sukulu panjira anali ndi mawu amodzi: "Zilembozi ndi zochepa kuposa nkhuku zako, ndipo nkhuku zako umazidziwa zonse." Masalimo ankawanena pamtima, ife tikutsatira m'buku, ndipo wolakwitsa ankamugwira asanamalize liwu.

Anatisiya Lachitatu masana, m'khitchini mwawo, atakhala pa mpando wa pafupi ndi mbaula, bulangete lili pamiyendo. Tinkawerenga salimo, chikho cha yerba chikuzungulira. Milomo yawo inkayenda nafe. Chikho chitafika pa iwo, sanatambasule dzanja. Graciela anawagwira paphewa, natiyang'ana, ndipo tinamaliza salimolo tisanadzuke, chifukwa iwo sankalola kusiyira pakati.

Ena akuti tilembe kuti anali chitsanzo kwa amayi onse. Tilemba, koma wofuna kuwatsanzira adziwiretu mtengo wake. Anataya maso. Anataya mlamu wawo, amene anafa osawalankhula. Amuna awo anakhala zaka zawo zamphamvu pa benchi, osaitanidwa. Susana anasiyidwa ndi mnyamata amene anamutomera, makolo ake atati safuna mpongozi wa kubanja lamakani. Sunagoge wathu, amene ankawerenga Chilamulo Sabata lililonse, tsopano amawerenga pa zikondwerero zokha, ndipo alipo mpaka lero amene amati anamutseketsa ndi Herta. Kumanda kwawo amuna anabwera asanu ndi atatu. Ana a Hirsch amakhala pafupi ndi mandawo, utsi wa m'khitchini mwawo tinkauona, ndipo akanabwera awiri okha pemphero la maliro la Kadishi, lofunanso amuna khumi, likananenedwa pa bokosi la mayi amene anasambitsa mitembo ya amayi awo. Herta ankadziwa kuti zidzatero. Anatiuziratu kuti tsiku limenelo pasadzapezeke wokagogoda pakhomo la munthu kukapempha. Kadishi sinanenedwe. Sitinagogode.